Tsiku limene tinaika Yamikani, mwana womvera

Ndinadzuka kusanache, khosi litauma chifukwa chogona chokhala pampando wa pulasitiki. Moto wa amuna unali utatsala makala okha. Chiperoni chinali chitayamba usiku, kamvula kaja kopanda phokoso kamene sikanyowetsa msanga koma kamalowa mpaka m'mafupa, ndipo amuna ambiri anali atathawira pakhonde la nyumba yoyandikana nayo, atafunda zitenje za akazi awo. M'nyumba ya siwa amayi anali kuimbabe, koma mawu anali atatsika. Nyimbo imene madzulo inkamveka kutsidya kwa mtsinje tsopano inkangofika pabwalo. Bokosi linali m'menemo, ndipo m'bokosimo munali Yamikani, mwana woyamba wa mlongo wanga, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, amene anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto tsiku limene anamaliza mayeso a Fomu 4.

Ine ndine atsibweni ake. Ndimakhala ku Zomba kumene ndimagwira ntchito, ndipo kwathu ku Kaduya chimene chimandibweretsa nthawi zambiri ndi maliro. Komabe mwa mwambo wathu ine ndiye mwinimbumba: chimwalirireni mkulu wanga, nkhani za alongo anga ndi ana awo zimathera kwa ine. Alamu anga, bambo a Yamikani, ndi akamwini. Anabwera kuchokera ku Chiwalo ali mnyamata, namanga nyumba pamalo a amayi athu, nalima minda ya amayi athu. Mkamwini, ngakhale atamerera imvi pamudzi, amakhalapo chifukwa eni mudzi akumulola. Pofika m'mawa umenewo ndinali nditamva kale kuti ena mwa eni mudziwo sakufunanso kuwalola.

Imfa ya mwanayo ndi yosavuta kuifotokoza. Atatuluka m'chipinda cha mayeso, iye ndi anzake anapita pamsika kukasangalala, ndipo anamwa timabotolo tija ta mowa waukali timene ngakhale mwana wa sukulu amatha kugula. Nthawi yobwerera itakwana, kutada, sanayendetse njinga ya bambo ake imene anapita nayo. Anapereka kiyi kwa mnzake wa m'kalasi amene samwa mowa, iye nakwera kumbuyo. Mnzakeyo anali atangophunzira kumene kuyendetsa, ndipo msewu wa kwathu sankaudziwa. Pali malo ena pamene mlatho unakokoloka ndi madzi osefukira zaka zapitazo. Pamenepo njira imapatuka mwadzidzidzi kutsikira kumchenga, koma msewu wakale umaonekabe ngati ukupitirira. Aliyense wa kuno amapatuka osaganiza n'komwe. Mnyamatayo anapitirira. Iye anathyoka mkono. Yamikani anamenyetsa mutu pa zotsalira za mlathowo, namwalira asanafike naye kuchipatala.

Chimene chinkazunguza mudzi chinali lamulo la alamu anga. Pamene anagula njingayo chaka chatha, atagulitsa nandolo, ankadziwa kuti mwana wawo wayamba kulawa mowa. Mlongo wanga ankafuna kuti mwanayo aletsedwe kotheratu, ngakhale ndi chikoti. Alamu anati kuletsa analetsa kale ndipo sikunaphule kanthu. Chimene chinatsala n'kumuuza chochita pa tsiku limene wamwa. Lamulo lawo linali lalifupi: ukalawa mowa kapena kusuta, usayendetse, kiyi um'patse munthu amene sanamwe, ndipo sindidzakukalipira. Anandifotokozera zimenezi pafoni nthawi imeneyo, ndipo ndinaona kuti n'zanzeru. Ndazisinkhasinkha kuyambira pamene ndinalandira uthenga wa maliro, ndipo mpaka lero sindinapeze pamene zinalakwika. Mwanayo anachita zimene bambo ake anamuuza.

Kum'mawa kutayamba kuyera, adzukulu anadutsa kupita kumanda, makasu ndi mafosholo ali pamapewa. Ambiri anali anyamata a msinkhu wa Yamikani, ena ocheperapo. Mmodzi anali ndi botolo m'thumba la buluku, ndipo sanavutike n'kulibisa. Akuluakulu amene ndinakhala nawo analiona, nayang'ana kumbali. Okumba manda sadzudzulidwa pa tsiku la maliro, pakuti akanyanyala palibe amene angatsike m'dzenje m'malo mwawo.

Kuseri kwa nyumba amayi anali kulimbana ndi moto. Nkhuni zimene anakatola m'mbali mwa phiri dzulo lake zinali zitanyowa, ndipo utsi, m'malo mokwera, unkakwawa pansi n'kulowa m'maso mwa aliyense. Phiri la Mulanje silinaoneke tsiku lonselo. Pamalo pake panali mtambo wotuwa. Ndikudutsa pamotopo anandiimitsa amayi aang'ono, mng'ono wawo wa malemu amayi athu, amene tsopano ndiwo wamkulu wa akazi onse a pamudzi.

"Bambo, mwauona moto wathuwu? Nkhuni zonse zanyowa," anatero. Kenako, osasintha mawu: "Tikamuika mwanayu, mlamu wanu uja azipita kwawo."

Ndinati tiyambe taika maliro.

"Tiika, maliro sathawa. Koma ndi kholo lanji louza mwana kuti imwa, bola usayendetse? Msewu uja mwana wathu ankayendamo ngakhale atatsinzina. Akanayendetsa yekha, bwenzi pano akumwa phala." Anapukuta misozi ya utsi ndi nsonga ya chitenje. "Inu munapita kusukulu yaikulu. Kaganizeni m'Chingelezi, mudzatiyankhe m'Chichewa."

Ndinaona kuti milandu iwiri imene ankawaimba alamu inkatsutsana: wina unali woti analola mwana kumwa, wina woti anamuletsa kuyendetsa ataledzera. Ndinaonanso kuti kunena zimenezo sikukanathandiza aliyense. Amayi aang'ono sankafuna kuti maganizo awo agwirizane. Ankafuna munthu woti asenze imfayo n'kuchoka nayo pamudzi.

Dzuwa silinatuluke, koma anthu anayamba kufika. Pamsewu panali patayalidwa masamba monga mwa mwambo, ndipo apanjinga ankatsika patali n'kumakankha. Amayi ankabwera m'mizere, ufa uli m'mabeseni ophimba ndi mapepala a pulasitiki, ndipo akayandikira nyumba ankayamba kulira, mawu n'kuwatsogolera kulowa m'siwa. Kunabwera aphunzitsi a pasukulu pake ndi ana a m'kalasi mwake atavala yunifolomu imene ankayesa kuti anaivula komaliza. Kunabwera amalonda achisilamu a pamsika ndi shuga ndi masamba a tiyi, ndipo mmodzi wa iwo, bambo wachikulire wovala kofia, ndiye tinam'pempha kuti azinge mbuzi kuti pasakhale wolephera kudya. Achibale a alamu ochokera ku Chiwalo anafika pa galimoto yaing'ono ya katundu, atanyowa, nakakhala paokha pansi pa mtengo wa mango. Anthu a kwathu anawapatsa moni woyenera, osaonjezerapo kanthu.

Alamu anga anali atakhala pa njerwa kumbali kwa khola la mbuzi, kumene anakhala kuyambira dzulo lake. Ndi munthu wamtali, wosalankhulalankhula. Ndinapita kukakhala nawo, ndipo tinali awiriwiri pamene mayi wina anafika akukoka mnyamata wa mkono wa m'chikhakha. Anali mnyamata amene ankayendetsa uja. Mayi ake anam'gwaditsa m'matope, iwo nabwerera m'mbuyo mpaka pamene sakanatha kumva.

Alamu anamuyang'ana, nam'funsa:

"Unamwa iwe?"

"Ayi, bambo. Ine sindimwa."

"Kiyi unachita kum'pempha?"

"Anandipatsa yekha. Anati adadi anandiuza." Kenako mnyamatayo anaonjezera kuti: "Ine ndinamuuza kuti msewu sindiudziwa, tigone kwathu pamsika pomwepo, tinyamuke m'mawa. Anakana. Anati amayi anandiletsa kugona kunja, ndikapanda kubwera sagona."

Lamulo limenelo ndinkalidziwa. Linali la mlongo wanga, ndipo linali lakale kuposa njinga: mwana wake aliyense agone pakhomo, kaya kwagwa chiyani. Analiika poopa zimene zimachitikira ana ogona m'misika, ndipo nalonso linali lanzeru. Chimene sindinkadziwa n'chakuti usiku umenewo panali mphasa yoti mwanayo agonepo, ndipo anaikana chifukwa cha amayi ake. Bambo anati usayendetse utamwa, mayi anati usagone kunja, ndipo pakati pa malamulo awiriwo panatsala njira imodzi yokha, imene mwanayo anaitenga.

Alamu anagwira phewa la mnyamatayo.

"Za kugona kunjazo wauzako ndani?"

"Palibe, bambo."

"Usauze munthu. Ngakhale amayi ako. Dzuka, wanyowa."

Mnyamatayo atachoka, anatembenukira kwa ine. "Alamu, mawu amenewa athere pakhola pano. Mlongo wanu sangawasenze."

Ndinawauza zimene amayi aang'ono ananena m'mawa, ndi kuti mawu a mnyamatayo ndiwo okha amene akanachititsa mudzi kuona kuti imfayi ilibe mwini. Anati akudziwa. Anati munthu wothamangitsidwa amakhalabe ndi moyo kumene wapitako, koma mayi amene wauzidwa kuti mwana wake anafera kuti iye agone tulo sadzagonanso.

Ndinalowa m'siwa nthawi yoona nkhope itayandikira. Munali fungo la zovala zonyowa ndi parafini. Mlongo wanga anali atakhala kumutu kwa bokosi, atatsamira khoma, mawu atatha. Pambali pake panali mwana wake wotsala, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Ndinagwada n'kumufunsa motsitsa mawu ngati wamva zimene akuluakulu akukonza za amuna ake, ndi chimene iye mwini akufuna.

"Achimwene, musandifunse," anatero. "Mutu ndilibe."

Sindinathe kudziwa ngati anali atalumikiza kale lamulo lake ndi imfa ya mwana wake. Mwina anali asanafikepo. Mwina anali atafikapo usiku woyamba womwe, ndipo kukhala chete kwake pa za amuna ake kunali kudzitchinjiriza. Kumufunsa kukanakhala kumuuza.

Bokosi analitulutsa chakumasana n'kuliika pa tebulo pabwalo. Kamvula kanali katachepa. Anthu anadzaza bwalo mpaka m'munda wa nandolo, akazi mbali ina, amuna mbali ina. Pa maliro a kwathu mwinimbumba amaimirira kufotokozera khamu momwe imfa yabwerera, ndipo anthu amamvetsera mawu amenewo kuposa ulaliki, pofuna kumva amene atchulidwe. Ndinaimirira. Ndinanena tsiku limene mwanayo anabadwa, sukulu zimene anaphunzira, ndi kuti ankafuna kudzaphunzira zokonza magalimoto. Ndinati anakwera njinga kumbuyo kwa mnzake, ndipo anagwa pamlatho wokokoloka umene tonse timaudziwa. Ndinati mnzakeyo anali asanamwe, ndipo banja lathu lilibe naye mlandu. Za mowa sindinabise, pakuti onse ankazidziwa. Za malamulo sindinatchule lililonse. Nditakhala pansi ndinamva kung'ung'udza kumbali ya akazi, ndipo wina anati m'Chilomwe, mokweza pang'ono kuti ndimve, kuti wophunzira amadziwa kuzungulira chitsa.

Mkulu wa mpingo analalikira za kumvera makolo. Anati ana a masiku ano akutha chifukwa cha makani, ndipo analoza anyamata a sukulu aja nawafunsa ngati akumva. Anayankha kuti akumva. Sindimuimba mlandu mkuluyo. Ulaliki umenewo ndi woona pa maliro ambiri a achinyamata amene iye waikapo, ndipo analibe njira yodziwira kuti tsiku limenelo sunali pamalo pake. Ndinayang'ana alamu. Anali ataweramitsa mutu, chipewa chili m'manja.

Anyamata a kabaza, amene amanyamula anthu pa njinga zamoto, anabwera ambiri atavala zovala zawo zonyezimira. Yamikani ankagwira nawo ntchitoyo masiku opanda sukulu, ndipo ankamutenga ngati mmodzi wa iwo. Chizolowezi chawo mnzawo akamwalira n'kutsogolera bokosi akuliza mainjini ndi mabelu, ena ataimirira pazishalo. Mtsogoleri wawo anabwera kudzapempha chilolezo, ndipo mpweya wake unkanunkha zimene ananyamula adzukulu m'mawa. Ndisanayankhe, alamu anaimirira. Anati amuperekeze mnzawo, koma azimitse mainjini. Kanali koyamba tsiku limenelo kuti alankhule pagulu. Anyamatawo anayang'anizana, kenako anamvera.

Choncho tinayenda kupita kumanda motere: kutsogolo amayi a mpingo ovala zoyera atanyamula nkhata, pambuyo pawo bokosi likusinthana mapewa, kenako khamu, ndipo m'mbali monse anyamata akukankha njinga zozimitsa m'matope, akuterereka ndi kupuma mwamphamvu. Njira ya kumanda imadutsa m'dambo, ndipo dothi lake lakuda limakakamira kunsapato mpaka phazi kulemera. Amayi ambiri anavula nsapato n'kuzinyamula m'manja. Nyimbo inkayambira kutsogolo n'kufika kumbuyo mochedwa, kotero kuti pakati pamene ndinali ine ndinkamva mizere iwiri nthawi imodzi.

Kumanda adzukulu anali atamaliza, matope ali mpaka m'mawondo, maso ofiira. Anatsitsa bokosi mosamala kwambiri, wina akulangiza mnzake motsitsa mawu kuti kumutu kutsike pang'ono. Dothi lonyowa silimveka pabokosi monga louma. Limangogwa ndi kukhala. Atakwirira, anaitana makolo kuti adzaike nkhata yawo. Mlongo wanga anabwera atagwiridwa ndi amayi aang'ono mbali ina, mwana wake mbali ina, ndipo panalibe malo a munthu wachinayi. Alamu anayenda pambuyo pawo, nadikira kuti iwo aike, kenako anawerama n'kukhudza nkhatayo ndi nsonga za zala.

Titabwerako anthu anasamba m'manja pakhomo, nadya, nayamba kubalalika. Dzuwa litapendeka, ngakhale sitinkaliona, achibale a mbali ziwiri tinakhala kuseri kwa nkhokwe. Mlongo wanga sanabwere. Amayi aang'ono analankhula nthawi yaitali, akuyamba m'Chichewa n'kumatsirizira m'Chilomwe. Anati mkamwini anabweretsa njinga pamudzi osafunsa eni ana, nalola mowa, napereka mwana wawo m'manja mwa mlendo wosadziwa njira. Mkulu wawo wa alamu anayankha modekha kuti mng'ono wake wakhala pamudzipo nthawi yaitali osamva mbiri yoipa, ndi kuti mwanayo anali wakenso. Alamu anafunsidwa ngati ali ndi mawu. Anati lamulo lija analiika okha, ndipo sakukana. Kenako onse anayang'ana ine.

Ndinali ndi mphamvu yonena kuti akhale, ndipo mwa mwambo mawu anga akanaima. Koma pamudzi mawu a mwinimbumba wokhala ku Zomba amaima mpaka iye atakwera minibasi. Kuti alamu akhale mwamtendere, panafunika kuti akazi a pamudzi asiye kukhulupirira kuti ndiwo anapha mwanayo, ndipo chinthu chokha chimene chikanawasintha maganizo ndinali nditaletsedwa kuchinena ndi mwiniwake wa mlanduwo. Ndinayesa zimene ndikanatha. Ndinati palibe kholo limene likanadziwiratu, ndi kuti lamulolo likanapulumutsa mwanayo pa usiku wina uliwonse. Ndinati mtsikana wotsalayo akufunika bambo ake. Amayi aang'ono anati mtsikanayo ali ndi atsibweni. Pomaliza ndinati nkhaniyi si yogamula manda asanaume, ndipo tidzaikambe pa tsiku losesa. Onse anavomera, ndipo ndinadziwa kuti avomera chifukwa sindinagamule kanthu.

Galimoto ya a ku Chiwalo inali itatitimira m'matope pafupi ndi msewu, ndipo amuna anapita kukaikankha. Alamu analowa m'nyumba, natuluka atavala jekete, opanda chikwama. Anandiuza kuti akuperekeza abale awo mpaka pamsika. Ndinawafunsa ngati abwerenso madzulo omwewo. Anati aona mmene msewu ulili. Ndinawagwira dzanja. Ndinawaona akukankha nawo galimotoyo, ndipo itatuluka m'matope anakwera kumbuyo pamodzi ndi ena.

Pofika chisisira bwalo linali litatsala mafuwa akuda, mipando yobwereka itasanjikizidwa pakhonde, ndi masamba aja a pamsewu atapondedwapondedwa. Kamvula kanayambiranso. Amayi ochepa amene anatsala kudzagona ndi mlongo wanga anali kukhitchini, akulankhula monong'ona. M'nyumba anali atachotsa tebulo limene panali bokosi, ndipo chipinda chinkaoneka chachikulu kuposa mmene ndinkachidziwira. Mlongo wanga anagona pamphasa. Sanafunse za amuna ake, ndipo ine sindinamuuze. Ndinakhala pampando pafupi ndi zenera ndikumvetsera kumsewu. Kunadutsa njinga imodzi yamoto, osaima.

Mtsikana uja anayatsa nyali, napita pakhomo.

"Ankolo, nditseke?"

Ndinayang'ana mlongo wanga. Anali atatembenukira kukhoma. Ndinamuuza mwanayo kuti adikire pang'ono. Anaima pamenepo dzanja lili pachitseko, mphepo ikulowa m'nyumba, akundiyang'ana kuti ndimuuze kuti pang'onopo ndi mpaka liti.